Siteshoni yapansi panthaka imayambira pa njira yotulukira

Teremu ino, pa maphunziro athu ojambula mapulani a nyumba kuno ku London, anatipatsa ntchito yokonza pulani ya siteshoni ya sitima yapansi panthaka. Masabata awiri oyamba mtima wanga wonse unali pa khomo lolowera: denga lagalasi, zitsulo zopindika bwino, dzuwa likulowa mpaka pansi. Tsiku loonetsa ntchito nditamata mapepala anga pakhoma, aphunzitsi anayang'ana kwa kanthawi, kenako anaika chala pa pulatifomu. Anandifunsa kuti sitima ziwiri zodzaza zitafika nthawi imodzi, moto n'kubuka pamenepo, anthuwo atulukira kuti, ndipo womaliza atuluka pakatha mphindi zingati. Yankho ndinalibe. Pulani yanga inali ndi makwerero pamalo amodzi okha, pakati penipeni.

Kwathu sitima timaidziwa ili pamtunda. Choopsa chikachitika munthu amathawira kulikonse, kumunda kaya kumsewu. Pansi panthaka kothawira n'komwe wojambula pulani anasiya basi. Zimenezi ndinkazidziwa ndi mutu, koma zinandilowa mumtima nditawerenga za moto wa pa siteshoni yapansi panthaka ya King's Cross kuno ku London.

Unabuka madzulo a pa 18 Novembala 1987 ndipo unapha anthu 31. Unayamba pang'ono kwambiri. Ofufuza anapeza kuti mwina munthu wina anataya machesi oyaka pa makwerero oyenda okha ochokera ku njanji ya Piccadilly. Makwererowo anali amatabwa, ndipo kunsi kwake kunali girisi wosakanikirana ndi fumbi ndi zinyalala. Amene anauona poyamba ankati ndi kamoto kochepa. Koma malawi, m'malo moimirira, anagona motsatira ngalande yotsetsereka ya makwererowo, n'kutenthetsa matabwa onse a kumtunda mpaka anayakira pamodzi. Cha m'ma 7:45 moto ndi utsi wakuda zinathamangira m'chipinda chogulitsira matikiti. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ena mwa anthu amene anali m'chipindamo anali atauzidwa kuti akwere pa makwerero ena kuti apulumuke, osadziwa kuti njira zonsezo zikukakumana pamalo amodzi. Pulani yanga inali ndi vuto lomwelo. Loweruka lotsatira ndinapita kukaima pa chikwangwani chokumbukira anthuwo pasiteshonipo, anthu akundidutsa mothamanga, ndipo ndinabwerera kunyumba n'kuyambiranso pa pepala loyera.

Ulendo uno ndinayamba ndi kuwerenga anthu. Sitima imodzi itsitsa angati pa nthawi yothithikana yam'mawa, geti limodzi la matikiti lidutsitsa angati pa mphindi, nanga makwerero amodzi akawonongeka otsalawo akwanitsa? Masamu ake si ovuta, koma ndi amene amalamula kukula kwa pulatifomu, kuchuluka kwa makwerero ndi pomwe mizati iime. Ndinazindikiranso kuti munthu akangotsika pa makwerero amaima kaye kuti aone kolowera. Ngati pamenepo palibe malo okwanira, amene ali m'mbuyo amamugwera, chifukwa makinawo sadikira munthu.

Kenako ndinayendera masiteshoni a njanji ya Jubilee amene anatsegulidwa mu 1999. Amene ankayang'anira mapulani a masiteshoni onsewo anali Roland Paoletti, yemwe anagwirapo ntchito pa sitima zapansi za ku Hong Kong, ndipo anagawa masiteshoniwo kwa akatswiri osiyanasiyana. Ku Canary Wharf, komwe pulani yake inachokera kwa Norman Foster ndi anzake, ndinakhalako masana onse. Anaphwetsa madzi a doko lakale, n'kumanga siteshoni m'dzenje lotalika pafupifupi mamita 300, kenako n'kufotsera pamwamba ndi kudzalapo paki. Ukatsika sitima n'kukwera kufika pa bwalo lalikulu lamkati, umaona kuwala kukutsika kuchokera pa denga lagalasi la khomo, ndipo miyendo imangolunjika komweko usanawerenge n'chikwangwani chomwe. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti denga lagalasi limene ndinalikonda lija silinali loipa ayi. Kungoti ine ndinaliika ngati chokongoletsa, pomwe iwo analipatsa ntchito yolondolera anthu. Mlendo wosadziwa Chingerezi, mwana wosadziwa kuwerenga, onse kuwala amakumva.

Westminster inandiphunzitsa zina. Siteshoniyi, imene pulani yake inachokera kwa Michael Hopkins, ndi dzenje lakuya pafupifupi mamita 39, pamwamba pake pali Portcullis House, maofesi a aphungu a nyumba ya malamulo. Malo anali ochepa moti mapulatifomu awiri a Jubilee anawasanja, ina pamwamba pa inzake. Nsanja ya wotchi ya Big Ben ili pafupi, ndiye pokumba ankapopera simenti yamadzimadzi m'nthaka kudzera m'mapaipi kuti nsanjayo isapendekeke mopitirira. Mkati mwake konkire ndi zitsulo zochirikiza makoma zili poyera, sanaziphimbe. Ena amati ndi mozizira mosasangalatsa. Ine ndimakukonda, chifukwa ukaimamo umaona ndi maso kulemera kwa dothi limene likukankha makomawo.

Pulani yanga yatsopano ili ndi potulukira mbali zonse ziwiri za pulatifomu, ndipo njira ziwirizo sizikumana mpaka kunja. Ndasiya malo a mafani akuluakulu okoka utsi, ndi makwerero otsekedwa ndi zitseko zosagwira moto msanga. M'mphepete mwa pulatifomu ndaika zitseko zagalasi ngati za Jubilee, zotseguka sitima ikaima basi. Chimene chikundisowetsabe tulo ndi munthu woyenda pa njinga ya olumala ndi mayi wokankha mwana pangolo. Ndinaika chikepe pakona pomwe panatsala malo, ndipo nditayeza ndapeza kuti iwo akuyenda mtunda wautali kuposa wina aliyense. Kuti chikepecho chibwere pafupi ndi makwerero, ndiyenera kusuntha mizati inayi ndi kuchepetsa denga langa lagalasi. Ndayamba kale kufufuta, chifukwa Lachinayi tikukaonetsanso ntchito.