Bonasi, sikelo ndi siginecha: pomwe chilungamo cha bwana chimaonekera

Makampani ambiri ali ndi chikwangwani pa risepishoni cholembedwa mawu monga chilungamo, kukhulupirika ndi kulemekeza makasitomala. Wantchito watsopano amachiwerenga tsiku loyamba, koma mwezi usanathe amakhala ataphunzira malamulo enieni a pamalopo poona zinthu zitatu: amene walandira bonasi ndi chifukwa chake, amene wakalipiridwa ndi chifukwa chake, komanso zomwe bwana anachita tsiku limene kuchita chilungamo kunafuna kudya ndalama za kampani. Utsogoleri wa khalidwe labwino umapindulitsa, ndipo ine ndilibe nazo chikayiko zimenezo, koma phindulo limabwera pokhapokha khalidwelo litalowa m'zinthu zitatuzi.

Banki ya Wells Fargo ya ku America inali nawo mawu okomawa, inalinso ndi nambala ya foni yoti antchito azinenerapo zachinyengo. Koma akuluakulu ake anaika mlingo woti banja lililonse la kasitomala likhale ndi zinthu 8 za bankiyo, monga akaunti yosungirako ndalama, akaunti ya macheke, khadi la ngongole ndi zina. Mamanejala a nthambi ankafunsidwa manambala tsiku ndi tsiku, ndipo wolephera ankadziwa kuti ntchito yake ili pachiswe. Munthu wamba safuna zinthu 8 ku banki imodzi. Antchito atasowa pogwira anayamba kutsegulira anthu maakaunti eni ake osadziwa, n'kumasuntha ndalama pang'ono kuchokera mu akaunti yeniyeni kuti yabodzayo ioneke yamoyo. Mu September 2016 nkhaniyi inaphulika. Bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni, ndipo zinadziwika kuti inali itachotsa kale antchito pafupifupi 5,300 chifukwa cha mchitidwewu.

Nambala imeneyi ndi yofunika kuiganizira mofatsa. Mukachotsa anthu awiri mungathe kunena kuti anali akuba. Mukachotsa 5,300, olowa m'malo mwawo n'kumachitanso zomwezo, ndiye kuti vuto lili ndi amene anaika mlingo. Maakaunti okayikitsa poyamba ankati ndi pafupifupi 2 miliyoni, kenako chiwerengero chinakwera kufika 3.5 miliyoni. Mkulu wa bankiyo, John Stumpf, anatula pansi udindo mu October 2016. Mu 2018 banki yaikulu ya dzikolo inaletsa Wells Fargo kukulitsa chuma chake, chiletso chomwe chinachotsedwa mu 2025, ndipo mu 2020 bankiyo inavomera kulipiranso madola 3 biliyoni. Zaka 7 zathunthu opikisana nayo ankakula iyo ili chiimire. Manambala aja omwe ankasangalatsa eni masheya anali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zomwezi zimachitika pa bizinesi ya antchito asanu. Musanalengeze tageti kapena komishoni, khalani pansi ndi pepala n'kudzifunsa kuti njira yachidule kwambiri yofikira nambalayi ndi iti, chifukwa ndi imene ambiri adzadutse zinthu zikathina. Wopereka ngongole amene amalipidwa potengera kuchuluka kwa ngongole zomwe watulutsa adzakongoza ngakhale munthu amene akumuona kuti sabweza. Mankhwala ake ndi kugawa bonasi pawiri: theka pomwe ngongole yatuluka, theka lina pakatha miyezi 6, potengera mmene anthuwo akubwezera. Dalaivala wa minibasi amene wapatsidwa tageti yosatheka adzathamanga ndi kulongeza anthu mopitirira, ndipo tsiku la ngozi mwini galimoto adzadabwa ngati kuti si iye amene anatchula ndalamayo. Wogulitsa amene komishoni yake imatuluka katundu akangochoka m'sitolo adzalonjeza kasitomala zomwe katunduyo sangachite, choncho komishoni izidikira kuti ndalama ilowe ndipo izichotsedwa katundu akabwezedwa. Lamulo losavuta n'lakuti nambala iliyonse ya kuchuluka izikhala ndi inzake ya ubwino: malonda ndi madandaulo, ngongole ndi kabwezedwe, maulendo ndi mmene galimoto ilili. Ndipo antchito oposa theka akamalephera tageti miyezi itatu yotsatizana, yokonza ndi tagetiyo.

Nkhani ya sikelo ndiyo imandigwira mtima kwambiri, chifukwa oberedwa ndi alimi amene avutikira mbewuyo chaka chonse. Tiyerekeze wogula chimanga kapena soya akubera makilogalamu 2 pa thumba lililonse la makilogalamu 50. Pa matumba 1,000 wapeza matumba 40 osalipira, ndipo pa buku zikuoneka ngati nzeru. Koma alimi amayeza kwina n'kuuzana. Chaka chotsatira a mbewu yabwino amapita kwa wina, ndipo amene abwera amabwera atathiramo mchenga kapena atawaza madzi kuti abweze zawo. Mbewu yonyowa imavunda m'nkhokwe n'kuononga ndi yabwino yomwe. Choopsa kuposa pamenepo n'chakuti kalaliki amene mwamuphunzitsa kukhotetsa sikelo kuti abere mlimi waphunziranso kukhotetsa buku kuti abere inu, ndipo simungamutengere kupolisi chifukwa akudziwa zambiri. Sikelo iyezedwe ndi a Malawi Bureau of Standards, pamalo ogulira pakhale chitsulo cholemera modziwika choyesera sikeloyo m'mawa uliwonse alimi akuona, manambala aziyang'ana kwa mlimi, ndipo lisiti lizilembedwa ndi kaboni kuti limodzi lipite ndi mlimi, lina kunkhokwe, lina ku ofesi.

Pa za tsiku la tsoka, chitsanzo chomwe ophunzitsa zamalonda amachitchula kwambiri ndi cha Johnson & Johnson. Kumapeto kwa September 1982 anthu a m'dera la Chicago ku America anayamba kufa atamwa makapisozi a Tylenol, mankhwala oletsa ululu a kampaniyi, omwe munthu wina anathiramo poizoni wa cyanide. Onse amene anafa anali 7. Poizoniyo sanalowere kufakitale, ndipo imfa zonse zinachitika m'dera limodzi, moti kampaniyo ikanatha kunena kuti mlandu si wake n'kungochotsa mankhwala a ku Chicago. Mkulu wake, James Burke, analamula kuti mabotolo pafupifupi 31 miliyoni achotsedwe m'masitolo a dziko lonse, katundu wa madola oposa 100 miliyoni. Anthu anauzidwa poyera kuti asamwe makapisoziwo ndipo anapatsidwa mwayi wosinthitsa ndi mapilisi. Gawo la Tylenol pamsika linagwa kuchoka pa 35 peresenti kufika pafupifupi 8. Mu November chaka chomwecho mankhwalawo anabwerera ali otsekedwa patatu: katoni yomata, pulasitiki pakhosi pa botolo ndi chotsekera china pakamwa pake. Pasanathe chaka malonda anali atabwerera pafupi ndi pomwe anali.

Chimene ambiri amachidumpha pofotokoza nkhaniyi ndi chakuti chisankhocho chinali chitakonzedwa kalekale. Mu 1943 Robert Wood Johnson, mkulu wa kampaniyo pa nthawiyo, analemba chikalata cha mfundo za kampaniyo chomwe, chitakonzedwanso m'zaka zotsatira, chinasanja anthu motere: oyamba ndi odwala, madokotala, anamwino ndi makolo ogwiritsa ntchito katundu wawo, achiwiri antchito, achitatu anthu a m'madera omwe kampani ili, ndipo eni masheya pomaliza. M'zaka za m'ma 1970 Burke anasonkhanitsa mamanejala kuti atsutsane za chikalatacho, kuti ngati sachikhulupirira achichotse pakhoma. Mndandanda wonena kuti woyamba ndani zinthu zikawombana ndi wothandiza kuposa mawu okoma khumi osasanjidwa, chifukwa tsoka silipereka nthawi yoyamba kukambirana. Mwini bekari, famase kapena butchala ayenera kudziwiratu lero, ndi antchito ake omwe, kuti katundu akakayikitsa amachotsedwa pa shelefu ndi ndani, popanda kudikira chilolezo cha yani, ndipo makasitomala amauzidwa bwanji. Kuti zitheke, katundu aliyense wopangidwa azikhala ndi nambala ya gulu lake ndi tsiku, ndipo buku lizionetsa komwe gulu lililonse linapita.

Kampani yomweyo inadzaonetsanso kuti chikalata pachokha sichiteteza munthu. Mu 2009, itapeza vuto ndi mankhwala a Motrin, inatuma anthu kukawagula mwakachetechete m'masitolo ngati makasitomala wamba m'malo molengeza, ndipo mu 2010 akuluakulu ake anakafunsidwa za nkhaniyi ndi aphungu a dzikolo. Chikalata chinali chomwecho, anthu opanga zisankho ndiwo anali ena.

Pa ndalama za tsiku ndi tsiku, khalidwe labwino limafuna mipanda. Wopempha kuti chinthu chigulidwe, wovomereza, wolandira katundu ndi wolipira asakhale munthu mmodzi. Pa bizinesi yaing'ono anthu awiri akwanira, bola wogula asakhale wolipira. Ndalama isatuluke mapepala atatu asanagwirizane: oda, pepala losonyeza kuti katundu wafikadi ndipo wawerengedwa, ndi invoisi. Zogula zazikulu zizikhala ndi makoteshoni atatu, ndipo wina aziimbira foni makampani atatuwo nthawi zina, chifukwa chinyengo chofala ndi makoteshoni atatu olembedwa ndi dzanja limodzi. Sitetimenti ya ku banki iziyerekezedwa ndi mabuku mwezi ndi mwezi ndi munthu amene sasaina macheke. Aliyense wogwira ndalama kapena makiyi a nkhokwe azipita ku tchuthi cha masabata awiri otsatizana wina atamugwirira ntchito, pakuti chinyengo chambiri chimafuna mwini wake tsiku lililonse kuti chisaoneke. Pakhale buku la mphatso momwe aliyense azilembamo zomwe walandira kwa ogulitsa katundu, ndipo amene mlamu wake akupikisana nawo pa kontirakiti anene n'kutuluka m'chipinda.

Mipanda yonseyi imagwa tsiku limene bwana wailumpha yekha. Mwini bizinesi amene amatapa mu kabati ya ndalama popanda kusaina, kapena kulamula kuti mafuta a ulendo wa kumudzi alembedwe ngati a kampani, wauza aliyense kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ndi bwino mwini adziikire malipiro odziwika, ndipo chilichonse chomwe watenga pamwamba pake chilembedwe m'dzina lake. Chimodzimodzi ndi ndalama zomwe kampani imangosungira ena. Msonkho wodulidwa pa malipiro ndi wa MRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo 5 peresenti ya wantchito pamodzi ndi 10 peresenti ya olemba ntchito ndi za thumba la penshoni. Kuzigwiritsa ntchito kugulira katundu n'kubwereka kwa wantchito iye osadziwa, ndipo antchito akazindikira sakhulupiriranso mawu alionse ochokera ku ofesi.

Phindu lake limaoneka m'malo owerengeka. Ogulitsa katundu amene mumawalipira pa tsiku lomwe munagwirizana amakupatsani katundu pangongole ndipo amakusungirani zinthu zikasowa. Banki imakongoza poona mabuku, choncho amene amasunga mabuku awiri, ena a msonkho ena ake, amadzitsekera yekha khomo, chifukwa mabuku oonetsa phindu lochepa ndi omwewo amene ayenera kupita nawo kukapempha ngongole. Antchito aluso amakhalitsa, ndipo aliyense amene anaphunzitsapo munthu ntchito akudziwa miyezi yomwe imatayika wina akachoka. Koma phindu lalikulu kwa mtsogoleri mwiniwake ndi ufulu. Bwana amene sanadye ndi wina aliyense angathe kudzudzula wa akaunti, kusintha wogulitsa katundu kapena kuitana oona za mabuku nthawi iliyonse popanda mantha. Amene anadyako amakhala mkaidi wa onse amene anamuona.

Mtengo wake uliponso, ndipo kubisa zimenezi n'kunamiza anthu. Makontirakiti ena adzakudutsani chifukwa mwakana kupereka kangachepe, ndipo mapepala ena adzachedwa pa desiki ya wina. Koma nkhani ya Cashgate ya 2013 inaonetsa mbali inayo: makampani ena analandira macheke a boma pa katundu amene sanaperekedwe, ndipo ena mwa eni ake anathera kundende, chuma chawo n'kulandidwa. Chothandiza ndi kusadalira kasitomala mmodzi wamkulu, kuti kukana kwanu kusakhale kutseka bizinesi, komanso kuuza antchito momveka kuti amene wataya malonda chifukwa chokana chiphuphu sadzadulidwa kanthu. Wantchito wa kumunsi azikhala ndi yankho lokonzeka, lakuti ndalama iliyonse yotuluka imafuna lisiti ndi masiginecha awiri, ndipo zikapitirira nkhaniyo ifike kwa bwana, amene ali ndi njira yopitira ku Anti-Corruption Bureau.

Chotsala ndi njira yoti uthenga woipa uzikufikani msanga. Ku Wells Fargo antchito ena amene ananena za chinyengo anachotsedwa ntchito, ndipo mu 2017 boma linalamula bankiyo kubwezeretsa manejala mmodzi wotere ndi kumulipira madola 5.4 miliyoni. Choncho pakhale makomo awiri onenerapo, kuti amene akudandaula za manejala wake asadutsire kwa manejalayo. Dandaulo lilembedwe tsiku lomwelo, wodandaula auzidwe pasanathe sabata kuti lalandiridwa, ndipo wofufuza asakhale mnzake wa wonenedwa. Kwa chaka chathunthu, kusamutsa, kutsitsa kapena kuchotsa ntchito munthu amene anadandaulayo kuzifuna siginecha ya mkulu wa kampani, chifukwa kubwezera kumachedwa ndipo kumabwera ngati nkhani ina, monga kuchedwa ku ntchito kapena kusintha kwa mashifiti.