Ulendo wa ku Skjervøy wandisintha kaonedwe ka nsomba ya sild

Kwa masabata angapo semesita ino takhala tili pa nsomba imodzi, yomwe anthu a kuno ku Norway amaitcha sild, ndipo Angerezi amati herring. Ndi nsomba yonyezimira ngati siliva, kutalika kwake ngati rula ya kusukulu. M'kalasi tinkangoiona m'manambala: matani angati aphedwa, ndi angati omwe ayenera kutsala m'nyanja kuti mtundu usathe. Tinaphunzira kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 nsombayi inatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha makoka akuluakulu okokedwa ndi makina, ndipo inadzayambanso kuchuluka bwino chifukwa cha ana omwe anaswedwa mu 1983. Zonsezi ndinaloweza, mayeso ndinakhoza. Koma mutu unali usanagwire kwenikweni mpaka Loweruka lapitali, pamene ine ndi anzanga atatu tinasonkha ndalama n'kukwera boti lokaonetsa anthu anamgumi.

Tinanyamuka padoko la Tromsø m'mawa kuli mdima wa bii. Kuno kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale dzuwa silituluka n'komwe, nyengo yomwe eni dziko amaitcha mørketid. Chomwe chimabwera chakumasana ndi kuwala kobiriwira ngati kwa mbandakucha, kwa maola ochepa, kenako kumadanso. Ulendo wopita ku Skjervøy, tawuni yaing'ono ya pachilumba kumpoto chakum'mawa kwa Tromsø, unatitengera pafupifupi maola atatu. Mapiri onse anali oyera ndi chipale, koma nyanja yosaundana ayi, chifukwa cha madzi ofunda omwe amayenda kuchokera kum'mwera kwa nyanja ya Atlantic n'kudzadutsa m'gombe lonse la Norway.

Funso lomwe ndinali nalo m'kope langa linali lakuti, bwanji tikupita kutali chonchi? Mayankho ake ndi omwe anandipatsa phunziro lalikulu. Kuyambira cha m'ma 1987 sild inkagona nyengo yozizira ku Tysfjord ndi Vestfjord, kum'mwera kwa kuno, ndipo alendo ofuna kuona anamgumi omwe amadya sild ankapita kumeneko. Patapita zaka inadzapezeka pafupi ndi Tromsø, m'madzi ozungulira chilumba cha Kvaløya, moti anthu ataima pamsewu ankatha kuona anamgumi. Mu 2017 inasunthira kumpoto, ku Skjervøy ndi Kvænangen, chigawo cha nyanja cholowa pakati pa mapiri pafupi ndi Skjervøy. Nsomba ikasamuka, anamgumi amasamuka. Anamgumi akasamuka, maboti, mahotela, oyendetsa mabasi ndi amayi ogulitsa khofi padoko onse amatsatira pambuyo. Palibe munthu amene anaitana nsombayi ku Skjervøy ndipo palibe amene angailetse kuchoka.

Choyamba kuona sitinaone namgumi. Tinaona mbalame, zambirimbiri, zikuzungulira malo amodzi n'kumagwera m'madzi. Mtima wanga unadumpha, chifukwa kwathu ku Nkhotakota msodzi aliyense amadziwa kuwerenga mbalame akamasaka usipa. Woyendetsa boti anazimitsa injini. Kenaka zipsepse zakuda zinayamba kutumphuka, china chachitali chowongoka ngati chitseko. Imeneyo inali orca yamphongo, yomwe chipsepse chake chakumsana chimafika mamita 1.8. Ndinali nditawerenga kuti orca ndi wa m'banja la ma dolphin, ndiye wamkulu pa onsewo, komanso kuti banja lake limatsogoleredwa ndi mayi. Koma kuwerenga sikunandikonzekeretse kumva kupuma kwake, phuu, pamadzi ali zii.

Kasakidwe kawo ndi komwe ndikufuna ndikaike m'lipoti langa. Ma orca amazungulira chigulu cha sild, n'kumaonetsa mimba zawo zoyera ndi kutulutsa thovu, mpaka nsomba zitaunjikana ngati mpira pafupi ndi pamwamba pa madzi. Akatero amamenya mpirawo ndi michira, nsomba n'kukomoka, iwo n'kumadya imodziimodzi mosapupuluma. Ntchito yonseyi ndi yothandizana, ndipo ana amaiphunzira poonera akuluakulu. Ndiye pamabwera anamgumi a linunda, aja amati humpback, otalika mamita ngati 14. Iwo salimbana ndi zosonkhanitsa. Amachokera pansi kukamwa kuli yasa, n'kumeza mulu wonse womwe anzawo avutikira. Tinaona zimenezi kawiri. Ambiri mwa anamgumi amenewa akakhuta amapitiriza ulendo wautali wokaswana kumadzi ofunda a ku Caribbean kapena ku Cape Verde, komwe sadya kwenikweni. Choncho sild ya ku Kvænangen ndi kamba wawo wapaulendo.

Panali chinthu chomwe chinandivuta mumtima. Pamalo amodzi ndinawerenga maboti oposa khumi atazungulira banja limodzi la ma orca, ena akuthamangitsa injini kuti alendo awo ajambule pafupi, ena akutsitsa anthu m'madzi kuti asambe nawo. Orca amaona ndi makutu: amatulutsa timawu tomwe timakagunda nsomba n'kubwerera kwa iye. Phokoso la injini limamuphimba maso amenewo, ndipo nthawi yodya ndi yochepa. Ine ndinalinso m'gulu la oonererawo, ndalama yanga inalowa m'malonda omwewo, ndiye sindikulankhula ngati woyera. Komabe ndinaona kusiyana pakati pa woyendetsa amene amaima patali n'kudikira ndi amene amadula njira ya nyama. Kusiyana kumeneko kukhoza kulembedwa m'malamulo, ndipo maphunziro athu ndi a zimenezo. Chapatali kunalinso sitima za asodzi zikupopa sild kuchokera m'makoka, anamgumi ali pomwepo kudikira zogwa. Msodzi, mlendo ndi nyama, onse pa nsomba imodzi.

Pobwerera kunali kutada kale. Tili pakati pa ulendo wina anafuula kuti nordlys, kutanthauza kuwala kooneka kumwamba usiku m'madera a kumpoto kuno, tonse n'kuthamangira panja. Poyamba ndinangoona ngati kamtambo kotuwa kotambalala. Foni ya mnzanga ndi yomwe inaonetsa kubiriwira, chifukwa kamera imasonkhanitsa kuwala kwa nthawi yaitali kuposa diso. Patapita mphindi zingapo kunalimba, n'kuyamba kugwedezeka ngati chitenje choyanikidwa pamphepo, m'mphepete mwake muli kofiirira. Zimenezi si za kosi yanga, koma nditafika kuchipinda ndinakhala mpaka usiku ndikuwerenga. Dzuwa limaponya tizidutswa tamagetsi, mphamvu ya maginito ya dziko lapansi n'kutikokera kumapeto a kumpoto ndi kum'mwera. Tikagundana ndi mpweya wa okosijeni pamtunda wa makilomita oposa 100 pamatuluka kuwala kobiriwira, kumwamba kwenikweni kofiira, ndipo nayitrojeni ndiye amapereka kofiirira kuja. Munthu amene anafotokoza zimenezi moyamba bwino ndi Kristian Birkeland wa kuno ku Norway, yemwe mu 1899 anakamanga malo oonera paphiri la Haldde pafupi ndi Alta. Anzake ambiri sanamukhulupirire, ndipo umboni weniweni unadzabwera ndi ma satelayiti iye atamwalira kale.

Lolemba ndinapita kwa aphunzitsi anga kukapempha kusintha mutu wa lipoti. Poyamba ndinkafuna kulemba za kagawidwe ka matani a sild pakati pa mayiko. Tsopano ndikufuna kufufuza kuti powerengera nsomba zoyenera kutsala m'nyanja, gawo la anamgumi ndi mbalame limalowa pati. Anandimvetsera, n'kundiuza kuti funsolo ndi lalikulu kwa lipoti la masamba khumi, ndilichepetse lifike pa Kvænangen pokha. Ndavomera. Koma m'kope langa, kumapeto, ndalemba funso lomwelo za usipa, ncheni ndi mbalame za m'nyanja ya Malawi, kuti ndikadzabwerera kwathu ndidzayambire pamenepo.