Timapepala 80 m'chipewa ndi chigumula chimene sichinafike

Kwa masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi gawo la probability (masamu a mwayi woti chinthu chichitike) lokhudza zinthu zimene zimachitika mwa kamodzikamodzi koma zikachitika zimasesa zonse, ndipo dzulo usiku m'pamene mtima wanga unakhala pansi. Chimene chinanditsegula maso ndi timapepala 80 timene ndinadula n'kulembapo manambala kuyambira 1 mpaka 80, kapepala kalikonse kakuimira kukula kwa chigumula cha chaka chimodzi. Ndinatisakaniza m'chipewa n'kutulutsa 40 ngati zaka zimene zili kale m'kaundula, ndipo 40 totsalato ndinatiyesa zaka zam'tsogolo. Nditabwereza mpaka manja kutopa, ndinaona kuti pafupifupi theka la maulendo onse kapepala ka 80 kankatsalira m'chipewa.

Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene ali ndi kaundula wa zaka 40, n'kumanga mlatho molingana ndi chigumula chachikulu chimene chinalembedwamo, wangochita mayere ndi zaka 40 zotsatira. Ngakhale chigumula chimene akudaliracho, tsiku limene chinabwera chinaposa zonse zimene anthu ankazidziwa. Mfundo imeneyi ndaitembenuza mbali zonse ndipo ikundizunguzabe mutu, chifukwa ife timatenga nambala yaikulu ya m'kaundula ngati malire a mtsinje, pamene ndi malire a zimene tinakwanitsa kuona basi.

Ku Japan, malo opangira magetsi a nyukiliya a Fukushima Daiichi anakonzekera tsunami (mafunde aakulu a panyanja obwera ndi chivomerezi) wa mamita 5.7, koma pa 11 Marichi 2011 madzi anakwera kupitirira mamita 13 n'kumiza majenereta amene anayenera kupereka magetsi oziziritsira makina. Chopweteka n'chakuti akatswiri ena anali atachenjeza kale za tsunami wamkulu wa m'chaka cha 869, amene zizindikiro zake zinapezeka m'nthaka ya m'chigawo chomwecho. Namondwe Freddy wa 2023, amene anafikanso kwathu kuno, anakhala masiku 36 kuchokera pamene anayamba mpaka pamene anatha, kuposa namondwe aliyense amene analembedwapo, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe.

Ndikukhulupirira kuti chipewachi chikanayenera kukhala phunziro loyamba m'kalasi iliyonse ya statistics (masamu osanthula manambala osonkhanitsidwa). Aphunzitsi athu anatha maola awiri akudzaza bolodi ndi njira ya Gumbel, yowerengera mwayi wa zinthu zazikulu kwambiri monga zigumula, ndipo nditafunsa ngati tingadalire mzere umene wajambulidwa kupitirira pamene manambala athu athera, anangoti zimenezo sizibwera pa mayeso. Sindikuwaimba mlandu kwambiri, popeza silabasi ndi yaitali ndipo teremu yatsala pang'ono kutha, komabe zinandiwawa.

Pali pamene chipewa changa chikulephera, ndipo ndiyenera kuvomereza. Chikundiuza kuti nambala yaikulu ikhoza kuposedwa, koma sichikunena kuti idzaposedwa ndi mamita angati, pamene anthu amafa ndi kusiyana kumeneko. Ndiponso ine ndinadziwiratu kuti timapepala tathera pa 80 chifukwa ndinalemba ndekha, ndiponso kusakaniza kuja kukutanthauza kuti zaka zonse n'zofanana, chonsecho nyengo ikusintha ndipo mapiri ambiri atsala opanda mitengo. Munthu atandifunsa lero kuti mlatho ukwezedwe kufika pati, ndikhoza kumufotokozera bwino chifukwa chake kaundula sakukwanira, koma nambala yoti ndimupatse ndikuisinkhasinkhabe.