Za IL-23 ndi IL-17 zandilowa, kani keratinocyte nayenso amabwezera

Abale mtima wakhala pansi, ma cytokine (timauthenga tomwe maselo amatumizirana) a psoriasis, nthenda ya khungu yotulutsa mamba, andilowa m'mutu tsopano. Zoti T cell, selo ya chitetezo cha m'thupi, imakhwimira kuti sindibwereza, tinadutsamo m'kalasi ya immunology.

Momwe amaphunzitsira muja umangotenga kuti khungu likuzunzidwa basi, ma T cell abwera, alionongaononga, yatha nkhani. Koma ayi ndithu, keratinocyte, selo ya khungu lenilenilo, nayenso ali momwemo. Dendritic cell, selo yolondera pakhungu, imatulutsa cytokine yotchedwa IL-23, IL-23 imasunga ma Th17 (mtundu wa ma T cell) kuti asafooke azingopopa IL-17A ndi IL-22, ndiye IL-17 ikafika pa keratinocyte iye sakhala chete, amatulutsa CXCL8 yoitana ma neutrophil (maselo oyera a m'magazi), CCL20 yoitana ma Th17 ena komanso ma dendritic cell ena, kuphatikizapo LL-37 (puloteni yopha tizilombo) yomwe imagwirana ndi DNA ya munthu mwini wakeyo n'kukadzutsanso ma dendritic cell. Basi zayambiranso pomwe zinayambira. Zili ngati mkangano wa pa mjigo, uyu akatukwana winayo abwezera, mpaka palibe akukumbukira kuti anayamba ndani.

Ukangogwira kuzungulira kumeneku zina zonse zomwe tinkaloweza pazokha zimabwera zokha. Selo ya khungu imatenga pafupifupi mwezi kuchoka pansi kufika pamwamba, koma mu psoriasis sikwana ndi sabata yomwe, imafika isanakhwime, nucleus ikadali mkati, ndiye parakeratosis ija, ndiye mamba oyera aja. Ma Munro microabscess ndi ma neutrophil omwe CXCL8 inaitana, aunjikana mu stratum corneum, pamwamba penipeni pa khungu. Koebner, zoti munthu akakanda kapena kuchekeka pamatuluka chigamba chatsopano motsatira mzere wa chilondacho, ndi keratinocyte wovulala yemwe wakankha gudumu lija payekha popanda kachilombo kalikonse. Eee! Zinthu zomwe zinali mitu inayi mu notsi zanga kani ndi nkhani imodzi.

Ndi mankhwala omwe. IL-23 inadziwika mu 2000, ndipo ili ndi chidutswa chotchedwa p40 chomwe chilinso mu IL-12, nchifukwa chake kale mlandu wonse unkagwera IL-12 ndi ma Th1 (mtundu wina wa ma T cell), ma Th17 atafotokozedwa mu 2005 mpomwe zinayamba kuoneka bwino. Ustekinumab imatseka p40, guselkumab imatseka p19, chidutswa china cha IL-23 chomwe IL-12 ilibe, secukinumab imapita pa IL-17A penipeni. Ndipo ma side effect suchita kuloweza. IL-17 ntchito yake yeniyeni ndi kuthana ndi mafangasi pakhungu ndi mkamwa, ukaitseka candida amasangalala. TNF, cytokine ina yomwe mankhwala ena a psoriasis amatseka, ndi yomwe imagwira granuloma (khola la maselo lotsekera TB) kuti isaphwasuke, ukaitseka TB yomwe inagona imadzuka, ndipo kwathu kuno komwe chifuwa chachikulu chili mbwee imeneyo si nkhani ya pa mayeso pokha ayi. Ngakhale kunena zoona mankhwala amenewa ambiri a ife tidzangowaona m'mabuku, odwala athu ndi mafuta opaka a steroid, coal tar, zikavuta methotrexate.

Chomwe chandithandiza ndi kujambula. Pepala lalikulu, cholembera, mivi. Ndimayambira pa chomwe diso likuona pa wodwala, tinene mamba, n'kumabwerera m'mbuyo kufunsa kuti watuma ndani, nanga iyeyo watumidwa ndi ndani, mpaka muvi ubwerere pomwe unachoka. Ma flashcard tayani anzanga, ndikunenetsa, amakupatsa manambala opanda mutu, IL-chakuti IL-chakuti ngati ukuwerenga ma nambala a foni. Ine ndikuona kuti immunology yonse ingathe kulowa ndi pepala ndi mivi basi, wotsutsa atsutse.

Chimandinyansa nchakuti aphunzitsi ena izi amazidziwa bwinobwino koma amangothamangitsa ma slide, tebulo la ma interleukin lodzadza sikirini yonse, ukati ufunse akuti nthawi yatha mukawerenge nokha. Tikawerenge nthawi yanji, mmawa ku wodi, masana kalasi, madzulo magetsi azima. Komanso zithunzi zonse ndi za khungu la azungu, zigamba zofiira psuu, pomwe pa khungu lathu zimaoneka zoderako, zotuwa, mwina zopita ku pepo, wina akhoza kungoti ndi zipere n'kumupatsa munthu clotrimazole azipaka miyezi.

Eczema, nthenda ina ya khungu, ndangoiyamba kumene, kumeneko ndi IL-4, IL-13 ndi IL-31 ya kuyabwa ija, dupilumab imatseka receptor yomwe IL-4 ndi IL-13 zimagwiritsa ntchito limodzi, ndikukhulupirira kuti nayonso ijambulika.

Koma pali pomwe pepala langa likukanika. Ngati ma Th17 ali m'gulu la ma CD4, bwanji psoriasis imakula kwambiri mwa anthu ena omwe ali ndi HIV, makamaka CD4 ikatsikitsitsa, n'kumachepa akayamba ma ARV? Ndawerenga zoti ma CD8, gulu lina la ma T cell, nawonso amatha kupanga IL-17, komanso zoti ma Treg, ma T cell omwe amaletsa zinthu, amakhala achepa, zikumveka ndithu koma ndikajambula muvi wake sukutseka bwino ngati enawo. Kaya ndi ine, kaya nkhaniyo ndi yomwe sinathe, kaya.