Nkhuku zanga ndi zotsalira za mkaka: pomwe ndafika mu Okutobala

Anzanga oweta nkhuku pakhomo, nkhani ya m'khola mwanga kuno ku Bvumbwe yafika pena. Chiyambireni chilimwe takhala tikupanga mkaka wa soya pakhomo pano kuti ana azimwera tiyi, chifukwa soya tinakolola wokwanira ndithu. Tikafinya mkakawo pansalu pamatsala phala lolimba loyera, lambiri zedi, ndipo kulitaya kudzala mtima umandipweteka. Komanso dera lathu lino ndi la ng'ombe za mkaka, choncho chambiko ndi mkaka wosasa sizisowa. Ndiye ndakhala ndikuyesa kuti pa zonsezi, nkhuku zanga za Mikolongwe ndi zachikuda zija zingadye ziti popanda kudwala.

Ndiyambe ndi soya, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri sitidziwa. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zotchedwa trypsin inhibitor, zimene zimatsekereza thupi kugaya mapuloteni. Nkhuku imadya ndithu, chithokomiro n'kudzaza, koma chakudyacho chimangodutsa. Anapiye ndiwo amavutika kwambiri: amapinimbira, nthenga zili nyankhalala. Moto ndi umene umapha zinthu zimenezi. Tsono taonani mmene ambiri timapangira mkaka: timaviika soya usiku wonse, m'mawa n'kusinja, kuthira madzi, kusefa, kenaka n'kuwiritsa mkaka wokhawo. Zotsala pansalu zija moto sizinaulawe. Ndi soya wamuwisi ameneyo, ngakhale akuoneka wofewa ngati wophika.

Ine ndimawiritsa zonse pamodzi ndisanasefe, kwa mphindi zosachepera 20 chiyambire kubwata, ndikutakasa kuti zisapserere komanso thovu lisasefukire. Zikapsa, fungo lija la nyemba zaziwisi limatha, pamabwera kafungo kabwino. Tsiku limene mayi a kunyumba asefa asanawiritse, zotsalazo ndimaziphika pazokha mumphika wina. Sindilola kuti zipite kukhola zisanaone moto.

Vuto lachiwiri ndi kutentha kwa mwezi uno. Zotsalira za soya zimakhala ndi madzi ochuluka, pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse, choncho ukazisiya m'beseni m'mawa, pofika madzulo zayamba kale kununkha ndi kuterera. Ndimazimwaza mopyapyala pathumba loyera padzuwa, n'kumazitembenuza ndi manja. Zikauma zimakhala mbuu, zoyoyoka, ndipo ndimazisakaniza ndi madeya ndi fumbi la bonya. Madeya paokha mapuloteni ake ndi ochepa, cha m'ma 10 pa 100, pomwe nkhuku yoikira imafuna pafupifupi 16. Soya ameneyu amathandiza kukweza pamenepo. Zikachita chuku ngakhale pang'ono, kaya chakuda kaya chobiriwira, ndimakwirira kudzala. Chuku chimawononga chiwindi cha nkhuku, ndipo poizoni wa mitundu ina ya chuku satha ndi kuphika.

Mkaka wa soya weniweniwo mulibe vuto ukakhala wowiritsa. Ana akasiya wotsala ndimanyowetsera madeya. Koma wothira kale shuga, mchere kapena koko sindipereka. Koko ali ndi theobromine amene amapha mbalame, ndipo mchere wochuluka nkhuku siziupirira.

Za mkaka wa ng'ombe ndi zina. Muli shuga wachilengedwe wotchedwa lactose, pafupifupi magalamu 5 pa mamililita 100, ndipo matumbo a nkhuku sanapangidwe kuti azimugaya bwino. Ikamwa wambiri imatsegula m'mimba. Chambiko ndi yogati n'zabwinoko chifukwa tizilombo tosasitsa mkaka timadya mbali ina ya shugayo, ngakhale si yense. Ine ndimathira chambiko pang'ono chabe m'madeya, kungoti agwirane ukafumbata koma osadontha. M'chomwera sindithiramo mkaka wa mtundu uliwonse. Mmenemo ndi mwa madzi oyera basi.

Chondiuza ngati ndapyola muyezo ndi zitosi. M'mawa uliwonse ndisanasese ndimawerama kuyang'ana pansi pomwe zimagona. Chitosi cha nkhuku yabwino chimakhala choumbika, chotuwa, ndi kachipewa koyera pamwamba. Zikayamba kukhala zamadzimadzi ndipo nthenga za kumbuyo zikuda, ndimasiya chambiko mpaka zibwerere mwakale. Khola lonyowa ndi limene limakoka matenda a kamwazi kwa anapiye, ndiye sindichita nazo masewera. Anapiye amene sanamere nthenga bwino sindiwapatsa n'komwe.

Pali chinthu china chimene ndikupempha tonse tichimvetse, makamaka ife okhala pafupi ndi malo ogulitsira mkaka. Mkaka wobwezedwa kumeneko umapezeka motchipa, nthawi zina waulere. Musangolandira. Funsani kaye chifukwa chimene aubwezera. Ngati unangosasa chifukwa chochedwa panjira, palibe kanthu. Koma ngati ng'ombeyo ikudwala bere kapena ikubayidwa mankhwala, mkaka umenewo si wa nkhuku zimene mazira ake akudya ana anu.

Ena amaganiza kuti akapatsa nkhuku mkaka ndiye kuti za kashiamu zatha. Ayi ndithu. Chigoba cha dzira limodzi chimatenga pafupifupi magalamu 2 a kashiamu, ndipo kachambiko kamene nkhuku ingadye osatsegula m'mimba sikangafike pamenepo. Mkaka wa soya wopanga tokha ndiye muli kashiamu wochepa kwambiri. Ine ndimakazinga zigoba za mazira pachiwaya, kuzisinja, n'kuika m'kambale kapadera.

Pofika pano misoti imene inaswedwa nthawi yozizira yayamba kufiira malipombo, ndipo ina yayamba kulowalowa m'zisa. Matadzi akuikira mosadumphitsa kwambiri ngakhale kukutentha chonchi, zigoba zili gwa. Sindinganene kuti ndi soya yekha wachita zimenezi, poti katemera wa chitopa wa I-2 wodonthezera m'diso ndinapereka pa nthawi yake, ndipo masana zimatuluka kukatola ziwala ndi kudya chisoso.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mvula imene yayandikirayi, chifukwa kuyanika padzuwa kudzavuta. Ndapeza chiwaya chachikulu chodula kumgolo kuti ndiziumitsira zotsalira za soya pamoto wa nkhuni tikamaliza kuphika nsima, ndipo sabata ya mawa ndiyesa koyamba ndione ngati sizipserera.