Pleti ya chiliza cha ambuya, tochi ndi katoni yakuda

Mwezi watha pabanja pathu tinali pa ntchito ya chiliza cha ambuya, amayi awo a amayi anga, kumudzi cha ku Katete uko. Pleti yake ya sitenilesi tinalembetsa konkuno ku Chipata kwa mnyamata wina wozokota zitsulo, amene amalembanso ma trofi a masukulu ndi mayina a pa zitseko za maofesi. Ndalama zambiri anatumiza ndi atsibweni a ku Johannesburg, ndiye anati musanaimate pa simenti munditumizire chithunzi ndione ngati dzina ndi zaka zili bwino, poti za banja zonse amasunga m'mutu ndi iwowo. Ntchito inagwera ine chifukwa ndine ndimayenda ndi kamera m'maukwati ndi m'ma kicheni pati.

Ndinaimika pleti ija pakhonde masana, ndinajambula ka 6 ndi foni nkutumiza. Atsibweni anayankha ndi voisi noti, akuti mphwanga ndikuona mutu wako, malata ndi mtengo wa mango koma dzina la amayi anga sindikuliona. Zinandikhudza ndithu chifukwa mawu awo ankamveka kuti munthu walira. Ndinabwereza ndi fulashi, apo ndiye panangotuluka chibanga choyera pakati penipeni pa dzina.

Vuto lake ndi lakuti chitsulo chopukutidwa chili ngati galasi lodziyang'anira basi. Nkhope ya munthu kapena chitenje zimamwaza kuwala mbali zonse, ndiye olo uime pati umaziona. Chitsulo sichimwaza, chimabweza, ndipo chimabweza monga mpira wa pool ukagunda m'mbali mwa tebulo, mmene walowera ndi mmenenso utulukire mbali inayo. Fulashi ya foni ili pafupi ndi lenzi, kuwala kumapita kukagunda pleti nkubwerera momwemo kulowa m'diso la kamera. So ukaloza kamera pa pleti chimene ukujambula kwenikweni ndi zimene pletiyo ikuona, kaya ndi denga, kaya mitambo, kaya malaya ako ofiira. Ukafuna chithunzi chisinthe usalimbane ndi kamera, sintha zimene zili kutsogolo kwa chitsulocho.

Usiku womwewo malaiti anapita, ndipo mdimawo ndi umene unandithandiza. Ndinagoneka pleti pamphasa, kamera pa tiraipodi kuyang'ana pansi molunjika bwinobwino kuti makona onse 4 akhale mtunda umodzi kuchoka pa lenzi. Ndinatenga katoni, nkuimata nsalu yakuda, nkuboola kabowo kongokwana lenzi kuti pleti ikayang'ana m'mwamba izingoona mdima, osati ine ndi miyendo ya tiraipodi. Kenaka mlongo wanga wamng'ono anagwira tochi, ndinamuuza kuti itsitse, itsitsenso, mpaka inatsala pang'ono kugona pamphasa, kuwala kukungoyenda chokwawa pamwamba pa chitsulo ngati dzuwa la ma 17 pa mizere ya m'munda. Amene analimako akudziwa, masana munda umaoneka wosalala koma madzulo mzere uliwonse umakhala ndi mthunzi wake. Pa pleti zinachitika zomwezo, posalala ponse panada bii chifukwa kuwala kumadumphira kutsogolo osafika pa lenzi, koma m'mphepete mwa chilembo chilichonse munayaka ngati waya wa siliva. Dzina la ambuya linangoti mbee lonse.

Pali kanthu kena kamene ndinaona tikusuntha tochi ija. Ikakhala kumanzere kwenikweni, timizere togona ta E ndi F ndi T timazimirira chifukwa kuwala kukuyenda motsata ngalande yake, palibe khoma loti kugunde. Ukaipititsa kumutu, zimasowa ndi ndodo zoimirira. Malo abwino ndi pakona, kumtunda chakumanzere, apo mizere yonse imapezako gawo lake. Ndipo musaunikire kuchokera kumunsi, maso athu anazolowera kuwala kochokera kumwamba ndiye zilembo zokumba zimayamba kuoneka ngati zotukuka. Ngati sitenilesi yanu ndi ija ya timizere tating'ono ngati tsitsi, tochi iyende motsata timizereto, mukaidutsitsa mopingasa pleti yonse imachita mbuu ngati chifunga.

Chithunzi chimenecho ndi chimene chinatipulumutsa. Atsibweni atachikulitsa pafoni anaimba nthawi yomweyo kuti pa chaka chobadwa pali 8 pamene panayenera kukhala 3. Mnyamata wozokota uja sindimuimba mlandu kwenikweni, pepala limene tinamupatsa linali lolemba pamanja ndi bolopeni yotha inki. Koma tangoganizani tikanamata pa simenti, anthu nkusonkhana, abusa nkupemphera, nsalu nkuchotsedwa, ndiye mkulu wa banja nkumaona zimenezo pamaso pa anthu.

Njira ya tochi ndi ya usiku kapena m'chipinda chotseka makatani. Ina ilipo ya masana, yotembenuza zonse, chitsulo chiyere zilembo zide. Pitani pamthunzi, wina agwire shiti yoyera ya pabedi kutsogolo kwa pleti, inu mupendeke kamera pang'ono mpaka muone kuti pleti yonse yadzaza ndi kuyera kwa shitiyo, mulibe mutu wanu mulibe mtengo. Ngalande za zilembo sizibweza kuyerako mofanana ndi posalala ndiye zimatuluka zakuda ngati zolemba pa pepala. Iyi ndimaikonda pa mapleti a mkuwa, mtundu wake wachikasu umatuluka bwino. Pa zinthu zozungulira monga trofi kapena mphete ndi povuta chifukwa zimaona nyumba yonse nthawi imodzi. Ine ndinagula ndowa yoyera ya pulasitiki ku msika wa Kapata, ndinaboola kunsi kwake, ndimavundikira chinthucho nkulowetsa lenzi pabowo, dzuwa limalowa lofewa mbali zonse. Mkati ndimamatamo kamzere kamodzi ka pepala lakuda, popanda kameneko trofi imayera yonse mpaka kuoneka ngati ya pulasitiki, kamdima kaja ndi kamene kamauza maso kuti ichi ndi chitsulo.

Za ma setting sizambiri. ISO, mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala, ndimaisiya pa 100, kabowo ka lenzi kolowetsa kuwala pa f/8, shata ichedwe mmene ifunira poti kamera ili pa tiraipodi, ndipo ndimaika taima ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze. Fokasi ndimachita pamanja, ya otomatiki imasokonezeka, imathamangira zinthu zooneka m'chitsulomo kusiya zilembo. Pafoni, bwererani m'mbuyo pang'ono muike 2x, dinani pa chilembo nkugwiriza chala mpaka fokasi itseke, kenaka tsitsani kuwala pang'ono chifukwa foni ikaona mdima wambiri imafuna kuyeretsa zonse. Opanda tiraipodi gonekani foni m'mphepete mwa mpando lenzi itulukire kunja, pamwamba mutsamiritse buku. Pukutani chitsulo ndi kansalu kofewa musanayambe, tochi yogona ija imaonetsa chidindo cha chala chilichonse ndi fumbi lathu la Okutobala lija. Ndipo amene mukuganiza zogula polarizer, fyuluta yoika kutsogolo kwa lenzi, chifukwa cha ntchito iyi sungani ndalama zanu, imachotsa kunyezimira pa madzi ndi pa galasi la windo koma pa chitsulo chosapakidwa kanthu sithandiza.

Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi imachifinya chithunzicho ndipo timizere tating'ono timene mwavutikira timafafanizika.

Zitatha za pleti amayi anatulutsa wochi ya agogo aamuna mu sutikesi, ija anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Copperbelt. Kumbuyo kwake kuli zolemba koma zinatha ndi thukuta la zaka zambiri, ndi maso umangoona ngati zokalika. Amayi anafuna kuipukuta ndi Brasso ndinawagwira dzanja, chonde amama musatero, mankhwala opukutira amadya chitsulo pang'ono pang'ono ndipo pa zilembo zotsala pang'ono kutha mukhoza kumalizitsa. Ndinaiika pansalu yakuda, kamera osaisuntha olo pang'ono, ine nkumazungulira ndi tochi ngati muvi wa wochi yomweyo, apa chithunzi, apa chithunzi, mpaka 12. Chithunzi chilichonse chinatulutsa zake, china theka la dzina, china nambala, china chilembo chimodzi chokha chimene zithunzi zina zonse zinachibisa. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti a m'ma myuziyamu amachita zomwezi pa ndalama zakale ndi miyala yolembedwa, amazitcha RTI (Reflectance Transformation Imaging), zinachokera pa ntchito ya Tom Malzbender ndi anzake ku HP Labs, malo a kafukufuku a kampani ya HP, mu 2001. Iwo amajambula zithunzi zambiri kuposa zanga, kompyuta nkuziphatikiza kuti munthu azisuntha kuwala pa sikirini. Ine ndinalibe pulogalamuyo, ndinkangosuntha zithunzi ndi chala uku amayi atavala magalasi akulemba chilembo chimodzi chimodzi kumbuyo kwa envulopu. Titamaliza anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati dzina limeneli ndi limene azungu ankawaitanira ku ntchito, kumudzi palibe ankalitchula.

Pleti yatsopano tinaitenga patatha masiku angapo, ndinaijambulanso ndi tochi, atsibweni anati yalondola manje matani. Tsiku lovundukula ndinadzuka ma 5 anthu asanayambe kubwera, ndinapempha amfumu kuti ndilowe kumanda ndi msuweni wanga. Dzuwa litangotuluka linabwera chokwawa lokha kuchokera m'mbali, tochi sinafunike, msuweni anangoimirira kumbuyo kwanga atatambasula chitenje chakuda kuti pleti isaone mitengo. Chimenecho ndi chithunzi chimene atsibweni anakasindikiza chachikulu, ndipo dzulo alemba kuti ndiwatumizirenso zonse 12 za wochi ija.