Zikomo nonse amene munatidutsitsa Phiri la Mulanje

Tatsika bwino ku Fort Lister, mbali ya ku Phalombe, titayambira ulendo wathu ku Likhubula. Mapazi ali ndi matuza, mawondo akuwawa, koma ndisanagone ndati ndithokoze kaye. Mulungu watisunga, palibe wavulala.

Achimwene amene munatitsogolera, ndilibe mawu okwanira. Tsiku lokwera Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, tinanyamuka pa nyumba yogona ya Chisepo kusanache, ndipo tili pakati pa miyala ikuluikulu ija, yomwe pena munthu amachita kukwawa pansi pake, chifunga cha chiperoni chinatikuta. Sindinkaona ngakhale mnzanga amene anali patsogolo panga. Inu munangoti, "Khalani pansi, tidikire." Tinadikira, tikunjenjemera, mpaka kunayera. Pamwamba paja, mamita 3,002, ndinalira osachita manyazi. Mukanakhala munthu wothamangira ndalama mukanatikakamiza kupitirira, ndipo Sapitwa yatengapo kale miyoyo ya anthu oyenda okha.

Inu anyamata onyamula katundu ndiye mwandigwira mtima kwambiri. Ufa, mpunga, mapoto ndi zofunda zathu zinali pamsana panu kuchokera ku Chambe, kudutsa Thuchila ndi Chinzama mpaka ku Sombani, ena mwa inu mutavala nsapato zong'ambika. Ife tikamafika pa nyumba yogona tili wefuwefu, tinkapeza mwasonkha kale moto, madzi a tiyi akuwira. Wina wa inu ataona kuti bondo langa lafooka potsetsereka, anatenga chikwama changa n'kuchisanjika pa chake osanena kanthu. Anthu amene timakwera phirili timajambulitsa pansonga, koma ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi inuyo. Amene mukukonza zopita, chonde musamanenerere mtengo wawo ngati mukugula tomato pamsika. Alipireni bwino, ndipo muziwafunsa ngati adya.

Abambo amene mumalondera nyumba za m'phiri, zikomo chifukwa cha nkhuni ndi madzi. Kukhala kumtunda kuja m'nyengo yozizira si masewera.

Chinandiwawa n'chimodzi: zitsa za mkungudza. Mtengo wa dziko lathu, umene mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, tinkaupeza wadulidwa malo ambiri. Choncho ndikuthokozanso a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira amene akufesa ndi kubzala mbande. Tinaziona zikuphuka, ndipo zikufunika kuzitchinjiriza ku moto wolusa.

Anzanga a paulendo, tinagawana chiponde, mankhwala ndi masokosi ouma, ndinu abale anga tsopano. Amayi, pepani kuti foni sinkagwira nthawi zambiri. Ndamva kuti simunkagona ndipo munauza azimayi anzanu a kutchalitchi kuti azitipempherera. Muwathokoze m'malo mwanga, Loweruka ndikubwera kudzakuonani.